PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUDZIWIRATU MVULA YA MABINGU NDI MKUNTHO

Mwezi wa Okutobala ukafika, dziko lonse limakhala ngati lili pamoto. Mitsinje yambiri imaphwa, malupsa amadetsa mapiri, ndipo ku Chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa nthawi yotere maso a munthu aliyense amakhala kumwamba. Mlimi afuna kubzala, mayi watopa nako kulindira madzi pa chitsime chouma, nazo ziweto zaonda. Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mvula yoyamba, kuyambira chizimalupsa mpaka m'mwezi wa Disembala, kawirikawiri imadza ndi ukali. Imadza ndi mphezi, mphepo yamkuntho, matalala ndi madzi othamanga.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera midzi pa ntchito yanga ya zaumoyo, ndaona kuti mavuto ambiri amene amafika pachipatala m'miyezi imeneyi akadatha kupewedwa. Wina wavulala ndi lata louluka, wina wagweredwa ndi chipupa, wina akutsekula m'mimba chifukwa chimbudzi chidagwera pafupi ndi chitsime. Ambiri mwa iwo amati mvulayo idawadzidzimutsa. Koma zoona zake n'zakuti mvula yamphamvu sibwera mwakachetechete. Imatumiza amithenga patsogolo pake. M'phunziro lino tiona m'mene tingawazindikirire amithengawo, ndiponso zimene tiyenera kuchita tikawaona.

KODI MVULA YA MABINGU IMAPANGIKA BWANJI?

Kuti mvula ya mabingu igwe pamafunika zinthu zitatu: kutentha, chinyezi, ndi chinthu chokankhira mpweya m'mwamba.

Taganizirani za mphika wa madzi uli pamoto. Madzi akatentha, nthunzi imakwera, ndipo ikagunda chivindikiro chozizira imasanduka madontho. Zimachitikanso chimodzimodzi mumlengalenga. Dzuwa likawotcha nthaka m'mawa, mpweya wotentha umapepuka n'kuyamba kukwera pamodzi ndi nthunzi yochokera m'nyanja, m'madambo ndi m'nkhalango. Kumwamba kumazizira kwambiri, choncho nthunziyo imasanduka timadontho tating'onoting'ono, ndipo timadonthoto ndi timene timapanga mtambo. Mpweya ukapitirira kukwera mwamphamvu, mtambowo umatalika mpaka makilomita 12 kapena kuposerapo. Pamwamba pake madzi amaundana n'kukhala matalala. Matalala ndi madonthowo akamagundana pokwera ndi potsika, mumtambo mumadzaza mphamvu ya magetsi, ndipo mphamvuyo ikachuluka imatuluka ngati mphezi. Bingu ndi phokoso la mpweya umene waphulika chifukwa cha kutentha kwa mpheziyo.

Nanga chinyezi chimachokera kuti? M'dzinja, mphepo zochokera kumpoto ndi zochokera kummwera zimakumana pa dziko lathu lino, ndipo pamene zakumana mpweya umakankhidwira m'mwamba. Palinso mpweya wachinyezi wochokera ku nkhalango za ku Congo, umene a zanyengo amautchula kawirikawiri pa wailesi. Mapiri monga Mulanje, Zomba, Dedza ndi Nyika nawo amakweza mpweya umene wawagunda. N'chifukwa chake midzi ya m'mphepete mwa mapiri imalandira mvula yambiri, ndipo n'chifukwa chakenso mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, nthaka itatenthedwa mokwanira.

ZIZINDIKIRO ZIMENE TINGAONE TOKHA

Makolo athu adali nazo njira zawo zodziwira kuti dzinja layandikira. Ankaona mitengo ikuphuka masamba atsopano pamene msangu ukuyoyola ake, ankamva kulira kwa nyenje ndi achule, ankayang'ananso kumene mphepo ikuchokera. Nzeru zimenezi n'zabwino ndipo tisazitaye. Zimatiuza kuti nyengo yasintha, koma sizitiuza tsiku kapena ola. Zizindikiro zotiuza kuti mvula yoopsa igwa lero lomwe ndi izi:

1. Kutentha kwa chifundizi kuyambira m'mawa, mphepo osawomba, thukuta osauma pathupi. Apa ndiye kuti mumpweya muli chinyezi chambiri.

2. Mitambo yoyera yonga thonje lounjika kuyamba kuoneka dzuwa lisanafike paliwombo, n'kumakula molunjika kumwamba m'malo mofalikira m'mbali. Mtambo umene ukutalika inu mukuona ndiwo wofunika kuuyang'anitsitsa.

3. Mutu wa mtambo kuphwatalala n'kutambasuka ngati bowa wamkulu, pamene pansi pake pachita bii. Mtambo wotere wakhwima, ndipo uli ndi mphezi.

4. Kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi, koulutsa fumbi ndi masamba. Ameneyu ndi mpweya umene ukutsika kuchokera mumtambo, ndipo ndi womwewu umene ukakula umasasula madenga. Mukaumva, dziwani kuti kwatsala mphindi zochepa.

5. Kugunda kwa bingu. Ngati mwalimva bingu, ndiye kuti mphezi ikhoza kukufikirani pamene mulipo, ngakhale pamutu panu pali dzuwa.

Pali njira yapafupi yodziwira kutalika kwa mphezi. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda pang'onopang'ono, pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukaona ching'aning'ani yambani kuwerenga modekha mpaka bingu limveke, kenaka mugawe ndi 3. Mukawerenga mpaka 15, mpheziyo ili pa mtunda wa makilomita 5. Mukawerenga 30 kapena kucheperapo, siyani khasu, siyani mpira, lowani m'nyumba. Musatuluke mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Anthu ambiri amawombedwa mvula isanayambe kapena itangokata, pamene akuganiza kuti palibe choopsa.

NTCHITO YA A ZANYENGO

Maso athu amaona pafupi. Kuti tidziwe za mawa ndi mkuja timadalira Nthambi ya Boma yoona za Nyengo ndi Kusintha kwa Nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Tsiku ndi tsiku akatswiri a nthambiyi amalandira miyeso ya kutentha, chinyezi, mphepo ndi mvula kuchokera m'malo oyezera a m'maboma osiyanasiyana. Amaonanso zithunzi za mitambo zojambulidwa ndi masetilaiti, ndipo makompyuta amawathandiza kuwerengera m'mene mpweya uyendere. Uthenga wawo umafika kwa ife kudzera pa wailesi, m'nyuzipepala, pa foni, ndiponso kudzera mwa alangizi. Uthengawu uli m'magulu atatu, ndipo tiyenera kuwasiyanitsa.

Loyamba ndi ulosi wa dzinja lonse, umene umalengezedwa mvula isanayambe. Umenewu umanena ngati mvula ikuyembekezeka kukhala yambiri, yapakatikati kapena yochepa. Apa m'pamene timamva za El Niño ndi La Niña, kutanthauza kutentha kapena kuzizira kwa madzi a nyanja ya Pacific. El Niño kawirikawiri amachepetsa mvula m'chigawo cha kummwera, monga zidachitikira m'dzinja la 2023 mpaka 2024. Koma musanyengeke: ngakhale chaka cha ng'amba chikhoza kukhala ndi tsiku limodzi la mvula yogwetsa nyumba.

Lachiwiri ndi ulosi wa tsiku ndi tsiku ndi wa masiku angapo akudzawo. Lachitatu ndi chenjezo, limene limaperekedwa pamene kukubwera mvula yamphamvu, mkuntho kapena namondwe. Chenjezo likamveka, si nthawi yokambirana ayi, ndi nthawi yochitapo kanthu.

Ena amadandaula kuti, "Adati kugwa mvula koma kwathu kuno sikudagwe ngakhale dontho." Tiyenera kumvetsa kuti mtambo umodzi wa mabingu umathira madzi pa dera laling'ono, ndipo nthawi zambiri sukhalitsa kupitirira ola limodzi. Mvula ikhoza kugwa kutsidya kwa mtsinje, kuno fumbi lili koboo. Choncho a zanyengo akati mvula ya mabingu igwa m'madera ena a boma lanu, sakunama ikalambalala mudzi wanu. Lero yagwa kwa anzanu, mawa ndi kwa inu. Kumbukiraninso kuti mvula yogwa kumapiri imadzaza mitsinje kuchigwa. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amadziwa bwino kuti madzi akhoza kusefukira kwawoko kuli ngwee.

Nanga akati kugwa mvula ya mamilimita 50, akutanthauza chiyani? Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo kotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Motero mamilimita 50 pa munda wa ekala imodzi ndi malita pafupifupi 200,000, kapena kuti ndowa 10,000 za malita 20. Madzi ochuluka chotere akagwa pa maola awiri okha nthaka singawamwe onse, makamaka ngati ili yodulidwa mitengo kapena yakhuta kale. Inunso mukhoza kuyeza mvula pakhomo panu. Tengani chitini chosapindika, chofanana kukula kukamwa ndi pansi, muchiike pamtetete kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi, yezani kuya kwa madziwo ndi rula, mulembe, kenaka muwataye. Mukaona kuti miyeso ikuluikulu yatsatizana masiku awiri kapena atatu, khalani tcheru.

NAMONDWE NDI NAPOLO

Namondwe ndi wosiyana ndi mvula ya mabingu ya masana. Iye amabadwira pa nyanja yamchere ya India pamene madzi atentha, ndipo amazungulira pa dera lalikulu kwambiri. Amakonda kutifika pakati pa Januwale ndi Malichi kudzera ku Mozambique. Ubwino wake ndi umodzi: a zanyengo amamuona akali kutali, ndipo amachenjeza kukali masiku angapo.

Dziko lathu laphunzira ndi misozi. M'mwezi wa Malichi 2019 kudabwera namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la magetsi la Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene adayambira kufupi ndi Australia ndipo adatha masabata oposa asanu ali paulendo, adagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ku Blantyre, ndiponso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Izi sizidali zachilendo, pakuti napolo adatsikapo ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991.

Napolo ndi nthaka ya m'phiri imene yakhuta madzi mpaka kulephera kudzigwira. Inu okhala m'tsinde mwa phiri, yang'anirani izi mvula ikagwa masiku otsatizana: ming'alu yatsopano panthaka kapena pa zipupa, mitengo kupendekeka, akasupe kutumphuka pamene sipadatulukepo madzi, mtsinje kuda ndi matope mwadzidzidzi kapena kuphwa mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Mukaona chimodzi mwa izi chokani msanga, usiku kapena usana. Musathawire kunsi motsata khwawa. Thawirani cham'mbali, kumalo okwera. Katundu amagulidwa, moyo sugulidwa.

M'midzi yambiri muli makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene amagwira ntchito ndi mafumu ndi Nthambi ya Boma yoona za ngozizi. Dziwani amene ali mu komiti ya kwanu, dziwani chizindikiro chimene mudagwirizana, kaya ndi wenzulo, ng'oma kapena belu, ndipo dziwiranitu malo othawirako.

ZOONA ZAKE ZA MPHEZI

Chaka china ndidafika pa mudzi wina tsiku lotsatira ngozi. Anthu anayi adali kumunda, ndipo mvula itayamba adabisala pansi pa mtengo wa mango. Mphezi idawomba mtengowo. Atatu adadzuka okha, koma mnyamata mmodzi adagona chikomokere. Anthu amene adathamangirako adangomuzungulira, osamukhudza, poopa kuti mpheziyo ikali m'thupi mwake. Ena adayamba kale kufunsana kuti waitumiza ndani. Pamene adamunyamula n'kuti mpweya utathawa. Sindinganene kuti akadapulumuka ndithu, koma mwayi umene adali nawo udatayika chifukwa cha mantha.

Munthu wowombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni msanga. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, ikani manja anu pakati pa chifuwa chake, ndipo dinikizani mwamphamvu ndi mofulumira, kasanu pa masekondi atatu alionse, osalekeza, pamene ena akufuna thandizo. Ngakhale atadzuka n'kumaoneka bwino, apite kuchipatala, chifukwa mphezi imavulaza mtima, makutu ndi maso.

Mphezi situmizidwa ndi munthu, ndipo siona mtundu wa malaya. Imatsata chinthu chimene chatalika kuposa zinzake pamalopo. Choncho musabisale pansi pa mtengo, musaime pachulu kapena pabwalo la mpira, ndipo chokani m'madzi ndi pafupi ndi mpanda wa waya. Asodzi akocheze msanga. Ana oweta ziweto auzidwe kuti bingu likagunda abwerere kunyumba, ndipo makolo asawakalipire chifukwa chobwerako msanga. Msasa wa kumunda ndi khonde siziteteza. Malo abwino koposa ndi m'nyumba yolimba monga sukulu kapena chipatala, makamaka yokhala ndi waya wotsitsira mphezi pansi, kapena m'galimoto yotseka. Muli m'nyumba khalani patali ndi zitseko, mazenera ndi zipupa, ndipo musagwire chilichonse cholumikizidwa ku magetsi. Foni ya m'manja siitana mphezi, koma musaigwiritse ntchito ili pa chaja.

KUKONZEKERA PAKHOMO

Nthawi yokonzekera ndi ino, nthaka ikali youma.

Denga: khomererani malata ndi misomali yokwanira, mangirirani mitengo ya denga ku chipupa ndi waya, ndipo folerani udzu watsopano pamene pakudontha. Miyala ndi njerwa zosanjika pamalata zimasanduka zida zovulaza mphepo ikakula. Dulani nthambi zouma zolendewera panyumba.

Zipupa: kumbani ngalande kuzungulira nyumba ndipo kwezani chiundo cha khonde, kuti madzi asanyowetse njerwa za pansi.

Chimbudzi: chikhale ndi denga losadontha, chivindikiro pa bowo, ndi mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa. Unjikani dothi kuzungulira kuti madzi asalowe m'dzenje. Kumene nthaka ili yamchenga, mangirani m'kati mwa dzenje ndi njerwa kapena nkhokwe yoluka. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Chitsime ndi mjigo: matani ming'alu ya simenti, tsegulani ngalande yotulutsira madzi, ndipo chitsime chikhale ndi khoma ndi chivindikiro.

Mankhwala ndi mabuku: ikani mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo, ziphaso ndi mankhwala m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, pamalo okwera ndi osavuta kutenga. Inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi, musadikire kuti atheretu. Mtsinje ukhoza kukutsekerani njira kwa sabata yathunthu.

Amayi oyembekezera: ngati pakati pa mudzi wanu ndi chipatala pali mtsinje, pitani kuchidikiro masiku asanakwane. Abambo, udindo wokonza ulendowu ndi wanu.

Ndipo musawoloke madzi othamanga. Madzi ongopitirira pang'ono mu akakolo akhoza kugwetsa munthu wamkulu ngati akuthamanga. Ana asapite kusukulu mtsinje utadzaza.

MVULA IKAKATA

Ngozi simathera pamene mvula yakata. Madzi osefukira amakokolola zonyansa za m'zimbudzi ndi za kutchire n'kuzithira m'zitsime. Umu ndi m'mene kolera amafalira. Mliri umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udagwira anthu oposa 58,000 ndipo udapha oposa 1,700. Choncho mvula yamphamvu ikagwa, madzi onse akumwa awiritsidwe mpaka abwadamuke, kapena athiridwe klorini pa muyeso umene mlangizi wa zaumoyo wakuuzani, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Asungidwe mu chiwiya chovindikira. Chimbudzi chikagwa, kumbani china mwamsanga.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba, makamaka chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Pitani naye kuchipatala akumwa m'njira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kolera akhoza kupha pa maola ochepa, choncho musadikire kuti kuche.

Zithaphwi nazo zimaswa udzudzu pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo patapita masabata ochepa malungo amachuluka. Kwirirani maenje oumbira njerwa, gonani m'masikito usiku uliwonse, ndipo aliyense amene watentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mvula ya mabingu igwa lero.

2. Mwaona ching'aning'ani ndipo mwawerenga mpaka 9 bingu lisanamveke. Kodi mphezi ili pa mtunda wotani, nanga muchita chiyani?

3. Kodi mudzi wanu ukachenjezedwa usiku, anthu athawira kuti? Ndani athandize okalamba, olumala ndi odwala?

4. Kodi chimbudzi ndi chitsime cha pakhomo panu zakonzeka kulandira mvula?

Abale ndi alongo, mvula sitingailetse, ndipo sitifuna kuiletsa, pakuti ndiyo imatidyetsa. Chimene tingathe ndi kuiona ikali kutali n'kuikonzekera. Mukabwerera kunyumba lero, kambiranani phunziro lino ndi a pabanja panu ndi anansi anu, makamaka amene sadziwa kuwerenga ndi amene alibe wailesi. Mukamva chenjezo, uzani mnzanu. Paja mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.